MPHAMVU YA MPHENZI INAPIMIDWA KALE

Mvula ya mabingu ikamagwa mu Marapodi, Matero ndi makomboni ena a mu Lusaka, malaiti amaphethira, mwinanso kuzima kwa kanthawi. Nthawi zambiri ici cimatanthauza kuti mphenzi yagwera pa nthambo za magetsi kwinakwake, ndipo makina adula moto ndi kuubwezanso msanga.

Ena amati mphenzi ndi yotumizidwa, koma akatswiri anaipima kale monga mlimi apimira cimanga pa sikelo.

Kuyambira mu 1943, a Karl Berger anakhala zaka pafupifupi 30 akupima mphenzi zogwera pa nsanja zacitsulo pa phiri la San Salvatore ku Switzerland. Iwo anapeza kuti mphenzi wamba imanyamula maampeya 30,000, ndipo zina zimapitirira 100,000, pamene babu ya m'nyumba siifika ngakhale ampeya imodzi. M'zaka za m'ma 1970, a A. J. Eriksson anacita nchito yofananayo pa nsanja ya mamita 70 pafupi ndi Pretoria ku South Africa.

Njira ina inali yomangirira tizitsulo pa nsanja za magetsi. Mphenzi ikadutsa, kacitsuloko kamasanduka maginito, ndipo kukula kwa maginitowo kumaonetsa ukali wa mphenziyo.

Ziwerengero zotere ndizo zimatsogolera omanga mizere ya magetsi, monga ya mavoti 330,000 imene bungwe la ZESCO, lokhazikitsidwa mu 1970, limatengera magetsi a ku Kariba ndi Kafue Gorge. Amene ayang'ana pamwamba penipeni pa nsanjazi adzaona nthambo zoonda. Izo sizipereka magetsi m'nyumba ai. Nchito yake ndi kulandira mphenzi ndi kuitsitsira m'nthaka kudzera m'miyendo ya nsanja.

Pa thiransifoma ya m'komboni palinso kacipangizo kopatutsa mphenzi, ndi waya wotsika ndi mtengo kukalowa pansi. Mbala ikadula wayayo kuti ikagulitse mkuwa, mphenzi imasowa njira. Pamenepo thiransifoma ingapse, mawailesi angaonongeke, ndipo cigayo ndi mpope wa madzi zingaime masiku ambiri.

Motero anthu a m'midzi imene nthambozi zimadutsa acenjezedwa kusabisala mvula pansi pa nsanja, kusamangirirapo ng'ombe, ndi kusakumba pafupi ndi miyendo yake. Aliyense woona waya wodulidwa asaukhudze, koma akanene kwa a ZESCO kapena kwa apolisi.