Likhweru Loitanira Nkhwazi

Tinali kufupi ndi chilumba cha Thumbi, ku Cape Maclear, pamene mnyamata woyendetsa boti anazimitsa injini. Anatenga kansomba, n'kukalowetsa kamtengo kukamwa kuti kasamire, kenaka anaimba likhweru lalitali. Pamtengo wina wa pachilumbapo nkhwazi inatembenuza mutu. Atangoponya kansombako, mbalameyo inatsika, kukawakha ndi zikhadabo pamwamba pa madzi, n'kubwerera kumtengo kwake. Alendo awiri achizungu anawomba m'manja. Maso anga anali pa mnyamatayo, amene ankakhutchumula chigubu kuti amve petulo wotsala.

Anyamata otere ndi ambiri m'mudzi wa Chembe. Amatengera alendo kukaona nsomba za mbuna m'miyala, kuwaotchera kampango pachilumba, dzuwa likapendeka n'kuwabweza ku loji. Nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, momwe muli chilumbachi, inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Koma mlendo akabwerera kwawo, nkhani imene amasimba ndi ya nkhwazi yobwera poitanidwa.

Ndalama ya ulendo umodzi imagawika isanafike m'thumba. Boti nthawi zambiri ndi la mwini wake, ndiye ayenera kulandira yake. Msodzi amene anagulitsa kampango alandire, mayi wogulitsa tomato ndi anyezi nayenso alandire. Kenaka petulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mafuta unakwera, ndipo akasowa ku Monkey Bay, anyamatawa amagula a m'zigubu pamtengo wolirira. Mlendo sadziwa zimenezi. Iye anawerenga pa intaneti mtengo wa chaka chatha, ndipo amanenerera mpaka mnyamata agonje, poti mnzake waima pafupi, wokonzeka kuvomera yocheperapo.

Mukakhala nawo pamchenga madzulo, aliyense ali ndi lake dandaulo. Wina akuti mwera ukaomba mu June ndi July boti limagona pamtunda, chonsecho alendo ayamba kufika. Wina akuti miyezi yoopsa ndi January ndi February: mvula, maloji opanda anthu, kunyumba ufa watha. Wachikulire pang'ono amakumbutsa anzake za 2020, ndege zitaleka kutera chifukwa cha Covid-19, pamene ambiri anabwerera kukapha usipa usiku ndi nyali. Komabe mlendo akangotulukira, onse amadzuka ndi nkhope zowala: "Bwana, boti mawa?"

Chimene chimandiwawa n'chakuti anthuwa ndi aluso, koma luso lawo silinalembedwe paliponse. Chingerezi anachiphunzira pamchenga pomwepo. Amadziwa mwala umene mbuna zabuluu zimasonkhana, amadziwanso kuwerenga mtambo mphepo isanafike. Boma limati ntchito zokopa alendo, pamodzi ndi ulimi ndi migodi, ndizo zidzabweretse ndalama zakunja, ndipo sindikutsutsa. Ndaona telala wosoka mathalauza a chitenje ndi wosema ziboliboli akudyera mlendo yemweyo. Koma amene wanyamula moyo wa mlendo pamadzi alibe malipiro a pamwezi, alibe penshoni, ndipo akadwala malungo boti limapatsidwa wina.

Titafika kumtunda, mnyamata uja anawerenga ndalama zake kawiri, n'kupatula ya mwini boti ndi ya petulo. Yotsalayo anati agulira mng'ono wake makope a kusukulu.