Buku la Boma Limayambira Pakhola Lathu

Ng'ombe ikafa m'mudzi, mafunso amene amayamba kumveka ndi awiri: tisende kodi, nanga nyamayo tigulitsa motani? Funso lacitatu, lakuti a vetenale auzidwa kapena ayi, kawirikawiri limabwera mocedwa, khola laciwiri ndi lacitatu litayamba kale kugwa. M'nkhani ino tilondola ulendo wa uthenga wa nthenda ya ziweto, kucokera pakhola kukafika ku Lusaka ndi kupitirira. Tifuna tione cifukwa cake boma limalimbikira kulemba, ndiponso cifukwa cake zolemba zakezo sizingakhale zoona ife alimi tikakhala cete.

Njira imene uthenga umayenda

Lamulo la umoyo wa ziweto, Animal Health Act nambala 27 la 2010, limaika udindo woyamba pa mwini ciweto. Iye akaganizira kuti ciweto cake cagwidwa ndi imodzi mwa nthenda zimene boma linalamula kuti zizinenedwa, ayenera kucipatula kwa zinzake ndi kukanena msanga kwa a vetenale. Mwa nthenda zimenezi muli zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, cigodola ca ng'ombe cobwera ndi nkhupakupa, cigodola ca nkhumba, anthrax, ciwewe, citopa ca nkhuku, ndi nthenda ya m'mapapo a ng'ombe imene yavutitsa kwambiri cigawo ca Kumadzulo. Lamulo silifuna kuti mlimi adziwe dzina la nthendayo. Kukayika kokha n'kokwanira kuti anyamuke.

Woyamba kulandira uthenga ndi mlangizi wa ziweto wa pakampu. Iye amalemba tsiku, mudzi, mtundu wa ciweto, zizindikiro zimene zaoneka, ciwerengero ca ziweto zonse m'kholamo, ca zodwala ndi ca zakufa. Akaganizira cigodola ca ng'ombe, amatenga kadontho ka magazi kukhutu ndi timadzi ta m'mwanabere wotupa, napaka pa kagalasi kuti tikaonedwe pa maikulosikopu. Lipoti lake limapita kwa mkulu wa vetenale wa paboma, kucoka apo ku ofesi ya cigawo, imene kwa ife a Kum'mawa ili ku Chipata, kenaka ku likulu la dipatimenti ya vetenale ku Lusaka, pansi pa Unduna wa Nsomba ndi Ziweto. Kumeneko kuli nthambi yochedwa NALEIC imene imasonkhanitsa malipoti a dziko lonse, pamene zoyesa zofuna zipangizo zazikulu zimapita ku Central Veterinary Research Institute, ku Balmoral pafupi ndi Chilanga.

Ulendowo suthera pa Lusaka. Zambia ndi membala wa bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse, WOAH, limene kale linkachedwa OIE ndipo likulu lake lili ku Paris. Nthenda yoopsa ikatsimikizika kuti yabuka kumene, dziko liyenera kudziwitsa bungweli pasanathe maola 24. Bungwelo linakhazikitsidwa mu 1924 cifukwa ca mliri wa ng'ombe wochedwa rinderpest, womwe uja unapulula ng'ombe mu Afirika m'zaka za m'ma 1890 ndi kuwoloka Zambezi mu 1896. Mu 2011 kunalengezedwa kuti rinderpest yatha padziko lonse. Katemera anagwira nchito yaikulu, koma otemerawo anadziwa kolowera cifukwa ca malipoti onena kumene nthendayo inatsalira.

Zimene manambala ndi masiku amaulula

Ena amadabwa kuona mlangizi akufunsa za ziweto zamoyo pamene iwo abwera kudzanena za yakufa. Cifukwa cake n'cakuti nambala imodzi payokha siinena kanthu. Nkhumba ziwiri zikafa mwa 60 pamwezi wathunthu, mwina ndi cakudya, njoka za m'mimba kapena kuzizira. Zikafa 10 mwa 12 pasabata imodzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, khungu litafiira kumakutu ndi kumimba, dokotala aliyense amaganizira cigodola ca nkhumba asanaone n'komwe zotsatira za kulabu.

Masiku nawo amalankhula. Nthenda iliyonse ili ndi nthawi imene imabisala m'thupi isanaonekere. Zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi zimabisala masiku 2 mpaka 14, ndipo cigodola ca nkhumba masiku 4 mpaka 19. Mlangizi akadziwa tsiku limene ciweto coyamba cinasiya kudya, amawerenga cobwerera m'mbuyo nafunsa cimene cinalowa m'khola pamasiku amenewo: nkhumba yamphongo yobwereka, ng'ombe yogula kumsika, zotsala za nyama zimene zinatayidwa m'cakudya ca nkhumba, kapena wogula amene anayenda khola ndi khola ndi nsapato zomwezo. Atatero amafunsanso cimene cinatuluka ndi kumene cinapita, kuti akacenjeze mudzi umene nthendayo yalowa kale koma sinaonekere. Mlimi akangoti "zinayamba kudwala masiku apitawa," njira zonse ziwirizi zimatsekeka.

Zimene cigawo cathu caphunzira

Cigodola ca nkhumba cinalembedwa koyamba m'dziko lino mu 1912, ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Popeza zolemba za zaka zambiri zinasonyeza kuti nthendayi inakhazikika Kum'mawa, boma linaletsa kutulutsa nkhumba ndi nyama yake m'cigawo cino, ndipo n'cifukwa cake katundu amasecedwa pa mlatho wa Luangwa. Mu 1989 nthendayi inabuka ku Kabwe, koyamba kunja kwa cigawo cathu, ndipo mu 2013 inagwetsa makola a ku Lusaka. Nthenda imeneyi ilibe mankhwala, ndipo tilibe katemera wake amene tingadalire. Cida cimene cilipo ndico kudziwa msanga kumene yafika ndi kuimitsa kayendedwe ka nkhumba.

Mu 2011, m'boma la Chama, mvuu zambiri zinafa mumtsinje wa Luangwa ndi anthrax. Anthu anasenda ndi kudya nyamayo, ndipo oposa 500 anadwala, ena namwalira. Mu 2023 anthrax inabukanso, makamaka ku Sinazongwe, nifalikira m'zigawo zambiri. Phunziro lake n'limodzi kwa woweta aliyense. Ciweto cimene cafa mwadzidzidzi, magazi osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, sitisenda ndipo siticita kutumbula, cifukwa tizilombo take tikagwera m'dothi timakhala ndi moyo zaka makumi angapo. Malo amene ciweto cotere cinafera ayenera kulembedwa, kuti katemera wa caka ndi caka azifika kumeneko.

Zolemba zimabweretsanso thandizo. Katemera wa cigodola ca ng'ombe amene ana a ng'ombe amalandira Kum'mawa kuno anapangidwa kucokera ku kacilombo kamene kanatengedwa ku Katete, ndipo amadziwika ndi dzina lomwelo. A Kum'mwera ali ndi wao wa Chitongo. Kusiyanitsa kumeneku kunatheka cifukwa panali anthu amene analemba kumene magazi aliwonse anatengedwa. Ndiponso boma likamagawa katemera, limayang'ana ciwerengero ca ziweto cimene cili m'mabuku ake. Mudzi umene unabisa ng'ombe zake pa kalembera umalandira katemera wopelewera, ndipo wosanena za imfa umaoneka ngati ulibe vuto.

Cilolezo ndi cizindikiro

Pemiti yosamutsira ziweto ambiri amaiona ngati cipsinjo. Munthu atenge kalata kwa amfumu, aonane ndi apolisi kutsimikiza kuti ng'ombeyo si yakuba, a vetenale aiyeze, ndiye alandire cilolezo. Koma pepala limenelo ndilo limasunga mapazi a ciweto: cacokera kuti, capita kwa yani, tsiku liti. Nthenda ikabuka, mabuku a mapemiti ndiwo amayamba kutsegulidwa. Ng'ombe yodutsa usiku njira ya kuthengo ilibe mbiri, ndipo ife a kumalire ndi Malawi ndi Mozambique tikudziwa kuti njira zotere n'zambiri. Cidindo coocha pacikopa ndi nambala ya kukhutu zimagwira nchito yomweyo, kuti cimene calembedwa m'buku cigwirizane ndi ciweto cimene caima m'khola.

Mtengo wa kunena

Sitibisa kuti kunena kuli ndi mtengo wake. Lipoti likatsimikizika, dera limatsekedwa, misika ya ziweto imaima, ndipo amene anali kudalira kugulitsa nkhumba kuti agule feteleza kapena kulipira sukulu amakhala m'mavuto. Nthawi zina ziweto zimaphedwa molamulidwa ndi boma. Kampu imodzi imakhala ndi midzi yambiri, mlangizi ndi mmodzi, ndipo mwina amafika patapita masiku. Wonena amaopanso kudedwa ndi anansi. N'cifukwa cake anthu ambiri akaona nkhumba yoyamba yagona, amathamangira kupha zotsala ndi kugulitsa nyama motsika mtengo.

Tiyeni tione kumene nyama imeneyo imathera. Kacilombo ka cigodola ca nkhumba kamakhala ndi moyo m'nyama yaiwisi, youmika ndi yozizira kwa milungu ndi miyezi. Mwendo umodzi wopita panjinga kumudzi wina, madzi otsukira nyamayo atatayidwa pamene nkhumba zimafukula, ndi wokwanira kumaliza makola onse a kumeneko. Wogulitsayo wapulumutsa ndalama zocepa, koma nthenda imene ikanatsekeredwa m'mudzi umodzi yagwira midzi khumi, ndipo ciletso cimene cikanatenga milungu cidzatenga miyezi. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Pa matenda a ziweto, kuzimako ndiko kunena pa tsiku loyamba.

Buku la mlimi

Ife amene taphunzira ulimi tili ndi mbali imene ena sangathe kuigwira mosavuta, cifukwa tinazolowera kulemba. Buku wamba la kusukulu n'lokwanira. Tsamba loyamba likhale la ziweto zonse: dzina kapena nambala, mtundu, msinkhu, kumene cinacokera ndi nambala ya pemiti yake. Masamba otsatira akhale a zocitika, ciliconse ndi tsiku lake: kupita kudibi, katemera ndi dzina lake, mankhwala ndi muyezo wake, ciweto colowa, cotuluka, cobwerekedwa, codwala ndi cakufa. Pa codwala tilembe zimene maso aona, monga dovu, kutsimphina, kutupa pansi pa khutu, kupuma movutika kapena kutsegula m'mimba, osati dzina la nthenda longoganizira. Nkhuku nazo zilowe m'bukumo, popeza katemera wa citopa amabwerezedwa pakapita miyezi itatu kapena inayi, ndipo tsiku lake limaiwalika msanga.

Tikanena kwa mlangizi, kaya pafoni kaya pamaso, tilembe tsiku ndi nthawi imene tanena. Akacedwa, tidziwitse ofesi ya vetenale ya paboma ndi amfumu. Podikira, codwala cikhale pacokha, pasatuluke ciweto, nyama kapena manyowa, ndipo alendo asalowe m'khola. Buku lomwelo lidzakhala mboni yathu ngati padzakhala nkhani ya malipiro pa ziweto zophedwa ndi lamulo.

Kwa inu amene munatsiriza maphunziro ndipo muli kumidzi, pempho lathu ndi lakuti bukuli lisakhale lanu lokha. Pali anansi amene ali ndi ng'ombe zambiri koma sadziwa kulemba, ndipo pali komiti ya dibi imene ilibe mlembi. Nkhanga zinapangana kusanapse. Khalani pansi ndi amfumu mvula isanayambe, pamene nkhupakupa zisanacuruke, muwerenge ziweto za m'mudzi, musankhe munthu wosunga buku, ndipo nambala ya foni ya mlangizi wa pakampu ilembedwe pacikuto pake.