Mphunzitsi Sabadwa ndi Coko M'manja

Madzulo ena a mwezi wa May m'caka ca 2024 tinapeza mlendo wathu atakhala pa khonde, mabuku ali pa miyendo, misozi ili m'masaya. Anali mtsikana wa ku yunivesite amene anabwera kudzayesera nchito ya uphunzitsi pa sukulu ya sekondale yoyandikana ndi kwathu, ndipo popeza kwao n'kutali, a mphakati wathu anatipempha kuti timsunge. Anali atatha masiku 9 cabe pa sukulupo. Titamfunsa cimene cavuta, anayankha motsitsa mau: "Atate, ine uphunzitsi sindiutha. Mawa ndimanga katundu."

Koma sanapite. Cimene cinamuimitsa ndico tifuna kukambirana nanu mwezi uno, inu makolo ndi inu aphunzitsi. Caka ndi caka ana otere amafika m'masukulu athu, ndipo ambiri a ife timangowaona akudutsa ndi mafaelo ao kukhwapa, osadziwa kuti pa masabata owerengekawo pagona tsogolo lao ndi la ana athu lomwe.

Kodi TP n'ciani?

Aliyense wophunzira uphunzitsi, kaya pa University of Zambia, pa Kwame Nkrumah University ku Kabwe, pa Mukuba University ku Kitwe, pa Chalimbana University ku Chongwe, kapena pa koleji ya aphunzitsi ya ku Chipata, ayenera kukaima pamaso pa ana eni-eni asanalandire pepala lake. Nthawi imeneyi ophunzirawo amaichula mwacidule kuti TP. Ena amakhala masabata ocepa, ena temu yathunthu, molingana ndi dongosolo la kumene acokera.

Masiku oyamba wophunzirayo ayenera kukhala kumbuyo kwa kalasi ndi kupenyetsetsa mmene mwini kalasi agwirira nchito. Pambuyo pake apatsidwa makalasi ocepa. Amalemba sikimu, ndiko kuti kugawa maphunziro a temu sabata ndi sabata motsata silabasi. Amalembanso pulani ya phunziro lililonse, yonena cimene ana ayenera kudziwa mphindi 40 zikatha, mafunso amene adzafunsa ndi nchito imene adzawapatsa. Zonsezi amazisunga mu faelo imene akulu a pa sukulu amayang'ana ndi kusaina. Tsiku lina mphunzitsi wa ku yunivesite amafika, nakhala pa desiki la kumbuyo, n'kulemba malikisi. Wolephera pamenepa satenga digiri kufikira atabwereza. Akapambana, atsala ndi kukalembetsa ku Teaching Council of Zambia, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013 kuti liziyang'anira nchito ya uphunzitsi. Pa nthawi yonse ya TP wophunzira salandira malipiro: ndalama za ulendo, nyumba, cakudya ndi mapepala ojambulapo zimacokera m'thumba la makolo.

Nzeru imeneyi si ya lero. Pamene sukulu ya Jeanes inakhazikika ku Chalimbana mu 1939, inkakonzekeretsa aphunzitsi odziwa nchito oti aziyendera masukulu a m'midzi, kukhala pansi ndi mphunzitsi wamng'ono ndi kumuongola. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964 linali ndi anthu a digiri pafupi-fupi 100 cabe, ndipo yunivesite yoyamba inatsegulidwa mu 1966. N'cifukwa cake ife amene tinaphunzira pa masukulu a misyoni tikumbukira aphunzitsi ocokera ku Ireland, ku India ndi ku Ghana. Lero ana athu omwe ndiwo agwira coko. Koma cimodzi sicinasinthe: uphunzitsi umaphunziridwa pambali pa munthu amene anauyamba kale.

Cimene cinamliza

Mlendo wathu anabwera kudzaphunzitsa masamu. Pa tsiku lacitatu, mphunzitsi amene anayenera kumsamala anampatsa buku ndi bokosi la coko, namuuza kuti makalasi onse atatu a Giredi 8 ndi ake tsopano. Kuyambira pamenepo bamboyo ankaoneka m'mawa posaina, kenaka n'kuzimirira. Sitinena kuti aphunzitsi onse amatero, iai. Koma cizolowezi ici cilipo, coona mwana wa TP monga wanchito waulere wobwera kudzapumitsa eni ake.

Makalasiwo anali odzaza. Kuyambira mu January 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, ana ambiri amene anali atakhala kunyumba anabwerera. Ici n'cinthu coyamika, ndipo m'caka comweco boma linalemba aphunzitsi 30,496. Ngakhale zinali tero, m'kalasi imodzi ya mtsikanayu munali maina 84 mu rejisitala, ana atatu kapena anai pa desiki limodzi, ena a iwo anyamata a ndevu osasiyana naye kwambiri msinkhu. Cinalinso caka ca cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Ana ena ankabwera osalawa kanthu, ndipo popeza madzi a ku Kariba anacepa, magetsi ankazima maola ambiri, kotero kuti mapulani ake ankalemba ndi kuwala kwa kandulo pa thebulo lathu lodyera.

Masamu ankawadziwa bwino. Cimene sankadziwa ndi cocita pamene anthu 84 ayamba kulankhula nthawi imodzi. Akakweza mau, phokoso linkakwera naye pamodzi. Wina m'cipinda ca aphunzitsi anamlangiza kuti athyole kamtengo, awiri atatu alawe, onse adzakhala cete. Uphungu umenewu ukanamuonongera zonse, pakuti kukwapula ana m'masukulu kunaletsedwa mu 2003, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2011 linatsimikiza ciletsoco. Ife amene tinakula ndi ndodo ya mphunzitsi tingacitire umboni kuti inkatiphunzitsa kukhala cete, koma kumvetsa samu sinatiphunzitse.

Amai amene anakhala kumbuyo

Usiku ule sitinamuuze zambiri, cifukwa ife masamu a sekondale tinaiwala kale. Tinangompempha kuti alimbe mtima kufikira Lacisanu, ndi kuti afune mphunzitsi mmodzi wacikulire amuuze zoona zake zonse. Akulu anati safunsa anadya phula.

Anapita kwa amai ena ophunzitsa Cinyanja, amene anali pafupi kupuma pa nchito. Amaiwo sanamlalikire. Anatenga mpando, nakhala kumbuyo kwa kalasi masiku awiri osanena kanthu. Pa tsiku laciwiri anamuitanira pansi pa mtengo wa mango namuuza kuti: "Mwana wanga, masamu uwadziwa, koma ukuphunzitsa bolodi. Pa mphindi 40, ine ndaona msana wako mphindi 30. Ufunsa okhala kutsogolo okha. Ndipo sunachulepo dzina la mwana ngakhale mmodzi."

Anampatsa zocita zitatu. Aloweze maina 10 tsiku lililonse. Adule pakati zimene walemba mu pulani, pakuti n'kwabwino ana agwire cinthu cimodzi kusiyana ndi kungomva zinai. Ndipo akapereka nchito, asaime pa thebulo, koma ayende kufikira ku khoma la kumbuyo. Amaiwo anakaonananso ndi mphunzitsi wamkulu, amene anabweza kalasi imodzi kwa mwini wake uja namkumbutsa udindo wake. Cina cimene mtsikanayu sanaiwale n'cakuti pansi pa mtengo anali "mwana wanga", koma pamaso pa ana amaiwo ankamuitana kuti "aMadamu", nalankhula naye mwaulemu monga mnzao wa pa nchito. Ana anaona zimenezi, ndipo anatsatira.

Kuyenda kufikira kumbuyo ndiko kunamuonetsa cimene bolodi linambisira. Kumeneko kunkakhala mnyamata wa zaka ngati 17 amene sankayankha funso, ndipo iye ankamuyesa wamwano. Atayang'ana m'kope mwake anapeza kuti manambala onse anakopera bwino, koma pa mafunso a mau panali pambalambanda. Mnyamatayo anali atasiya sukulu zaka zingapo, akugulitsa matimati m'mbali mwa mseu, ndipo anabwerera mu 2022. Cizungu ca m'mafunso ndico cinamtsekera njira. Mtsikanayu anawerama namfunsa m'Cinyanja: "Ukagula bokosi la matimati pa K200 n'kugulitsa onse pa K250, wapindula zingati?" Asanatsirize, yankho linabwera: K50. "Nanga pa K100 iliyonse?" Anati K25. "Imeneyo ndiyo 25 peresenti imene ndakhala ndikulemba pa bolodi sabata yonse."

Madzulo a tsikulo anatifotokozera nkhaniyi kawiri, cakudya cikuzizira. Kuyambira pamenepo mutu uliwonse watsopano ankauyamba ndi citsanzo ca pa msika kapena ca m'munda m'cinenero ca ana, kenaka n'kuwaolotsera ku Cizungu, pakuti mayeso amalembedwa m'Cizungu. Phokoso silinathe lonse, koma linacepa, cifukwa mwana amene akumva zimene zikunenedwa alibe nthawi yosokosera.

Tsiku la malikisi

Mphunzitsi wa ku yunivesite anafika m'sabata lacisanu ndi ciwiri. Pakati pa phunziro mtsikanayu anaona pa nkhope za ana kuti theka la kalasi latsala m'mbuyo. Akanatha kupitirira kuti pulani ithe bwino pamaso pa mlendo, koma anaima nabwereza ndi citsanzo cina, ndipo belu linalira asanafike ku mapeto. Anadulidwa malikisi cifukwa cosasunga nthawi. Pa pepala lomwelo anayamikidwanso cifukwa coona kuti ana sanamve. Anapambana, ngakhale kuti si ndi malikisi apamwamba amene ankalota. Ife tiganiza kuti mphindi imene anasiya pepala n'kuyang'ana ana ndiyo mphindi imene anakhala mphunzitsi.

Mau kwa ife tonse

Kwa inu aphunzitsi akulu ndi eni makalasi: mwana wa TP si wolowa m'malo mwanu. Wabwera kudzaphunzira, ndipo kalasi ikhalabe yanu. Mukamsiya yekha, olakwiridwa ndi awiri: iye, amene adzabwerera ataphunzira kungopirira kufikira belu, ndi ana, amene adzataya temu. Khalani kumbuyo, penyani, ndipo mumdzudzule pa awiri. Musaiwalenso kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Njira zina zatsopano mudzaziona kwa iye.

Kwa inu makolo a ophunzirawa: konzekerani nthawi imeneyi monga mukonzekera malipiro a yunivesite. Funsani kumene mwana adzagona ndi amene adzakhala naye pafupi, makamaka ngati ndi mtsikana wopita ku malo acilendo. Akakuimbirani foni akulira m'sabata loyamba, musafulumire kumuuza kuti abwere, ndiponso musamkalipire. Mfunseni ngati wapeza wacikulire womthandiza.

Kwa inu makolo a ana a sukulu: mwana akabwera kunyumba n'kunena kuti "tili ndi kamphunzitsi ka TP", muongoleni pomwepo. Ulemu umene mwana apereka m'kalasi umayambira pa mkeka wa kunyumba.

Ndipo kwa inu acinyamata amene mudzapita ku TP: kusiyana kwa zaka pakati pa inu ndi ana a sekondale n'kocepa, koma kusiyana kwa udindo n'kwakukulu. Mwana wa sukulu si bwenzi lanu, si wokucapirani zobvala, ndipo sayenera kulowa m'nyumba mwanu ali yekha. Ambiri aononga dzina lao ndi moyo wa mwana wa eni pa masabata ocepa omwewa. Fikani pa nthawi, konzekerani phunziro ngakhale palibe wokuonani, ndipo funsani.

Sitibisa kuti njira ya patsogolo ndi yaitali. Pamene boma linalemba aphunzitsi aja mu 2022, ofunsira nchitoyo anapitirira 100,000, ndipo ambiri amadikira zaka atatsiriza maphunziro. N'cifukwa cake n'kofunika kuti wacinyamata adziwe msanga ngati nchito imeneyi ndi yake, kapena anangoilowa posowa kwina. Mlendo wathu anatiululira kuti uphunzitsi sunali cisankho cake coyamba. Pocoka anati tsopano angausankhe yekha.

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Anacoka m'mwezi wa July, atatha masabata 8. M'mawa wa tsikulo mnyamata uja anafika pakhomo pathu ndi kambale ka matimati, napereka ndi manja awiri, nati: "AMadamu, muyende bwino." Amai aja a Cinyanja apuma tsopano pa nchito, ndipo mpando wao wa kumbuyo kwa kalasi ukudikira wina woti akhalepo. Temu ikubwerayi, mukaona mnyamata kapena mtsikana wacilendo akupita ku sukulu ndi faelo kukhwapa ndi coko ku malaya, mpatseni moni monga mphunzitsi, ndipo mumfunse mmene nchito ikuyendera.