Nyeleti Ikacoka M'thupi la Wodwala, Ngozi Imatsalira Namwino

Wodwala akalasidwa nyeleti pa kiliniki ya Kawama mu Kitwe, kapena pa cipatala cacikulu ca Ndola Teaching Hospital, amatsitsa dzanja la malaya n'kunyamuka, poganiza kuti zonse zatha. Koma kwa namwino, mphindi yoopsa kwambiri ndi yomweyo, pamene wagwira nyeleti imene mkati mwake mwatsalira magazi a munthu wina.

Akatswiri a zaumoyo anapeza kuti mwa anthu 1,000 amene adzibaya ndi nyeleti ya munthu amene ali ndi kalombo ka HIV, pafupifupi atatu amatenga kalomboko. Matenda a ciwindi a Hepatitis B, amene sachulidwa kawirikawiri, ndiwo osavuta kutenga: mwa anthu 100 osalandira katemera, amene angadwale akhoza kufika 30. Kalombo kake kamakhalabe ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku 7. N'cifukwa cake wanchito aliyense wa m'cipatala ayenera kulandira katemera wa matendawa.

Anamwino ambiri amadzibaya pofuna kubwezera civindikiro pa nyeleti ndi manja awiri. Lamuloli analiphunzira ku sukulu ya unamwino, inde, koma usiku m'wadi yodzaza, namwino mmodzi akuthamangira odwala ambiri, dzanja limacita zimene linazolowera. Malangizo a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO ndi akuti nyeleti ndi sirinji yake ziponyedwe nthawi yomweyo, osavindikira, m'bokosi losaboola, ndipo bokosilo likhale pamene dzanja lingafike. Likadzaza magawo atatu mwa anayi litsekedwe ndi kukaliwotcha. Bokosi lodzaza mpaka pakamwa limabaya wosesa m'wadi, ndipo nyeleti yotayidwa pa dzala imatoledwa ndi mwana.

Ngati ngozi yacitika, namwino asambe pa balapo ndi sopo ndi madzi oyenda, osafinya kapena kuyamwa magazi, kenaka auze mkulu wa wadi. Mankhwala oteteza ku HIV ochedwa PEP ayenera kuyambidwa mwamsanga, maola 72 asanathe, ndipo amamwa masiku 28. Apa pali vuto limene silikambidwa poyera. Asanapitirize mankhwalawa munthu amapimidwa magazi, ndipo ena, poopa kuti anzao a pa nchito adziwa zotsatira, amangomanga cala n'kukhala cete. Cipatala cimene sicisunga cinsinsi ca anchito ake sicingadziwe kuculuka kwa ngozi zotere.

Nalonso thupi la wodwala lili pa ciswe. WHO inawerengera kuti m'caka ca 2000, nyeleti zosatetezeka zinapatsa anthu 21 miliyoni matenda a Hepatitis B, ndi anthu 260,000 kalombo ka HIV pa dziko lonse. Mu 2015 bungweli linapempha maiko kuti ayambe kugwiritsa nchito masirinji amene amadzitseka okha akagwira nchito kamodzi.

Komabe nyeleti zina zimalasidwa kaamba kakuti ife odwala tazipempha, pokhulupirira kuti mapilitsi ndi ofooka. Pa matenda ambiri mankhwala akumwa amagwira nchito mofanana. Dokotala akalemba kuti mulasidwe, muli ndi ufulu wopempha kuti sirinji ndi nyeleti zitsegulidwe m'pepala lake inu mukuona.