Maso owerenga chidendene

Chimene chimandigwira mtima kwa wojambula ekisireyi ndi manja ake. Mmisiri wagwa padenga la nyumba imene amamanga ku Area 43, anzake amunyamula mpaka ku Kamuzu Central Hospital, chidendene chitatupa ngati dzungu. Wojambula amagwira phazilo mofatsa, n'kuligoneka chammbali. Akatero amalidzutsa zala ziloze kumwamba kuti ajambulenso fupalo motsata utali wake. Phazi likangopendekeka pang'ono, chithunzi chimanama.

Ena mwa ojambulawa anaphunzira ku Malawi College of Health Sciences mu Lilongwe momwemuno. Tsiku lonse amajambula zifuwa, mikono ndi miyendo. Koma chidendene n'china. Fupa lake silithyoka ngati ndodo ayi, limaphwanyika ngati dzira lopondedwa, ndipo zidutswa zake zimabisalirana pachithunzi.

Chithunzicho chimapita kwa a kiliniko ofesala a mafupa, ntchito imene Dr Edward Blair anayambitsa m'Malawi muno mu 1985. Iwo amalemba mizere iwiri pafupalo, monga anaphunzitsira Lorenz Böhler wa ku Austria mu 1931. Pomwe mizereyo yapingasana payenera kupezeka madigiri 20 mpaka 40. Akachepera 20, fupa latitimira. Makina a CT amaonetsa zambiri. Potengera zithunzi za makinawa, njira ya Roy Sanders ya mu 1993 imagawa kuthyokaku m'magulu anayi, kuyambira fupa long'aluka koma losasuntha mpaka lophwanyika zidutswa zinayi kapena kuposa.

Apa m'pamene mtima wanga umakana kukhala pansi. Ofufuza anapeza kuti madokotala odziwa bwino ntchito, atapatsidwa chithunzi chimodzi, sagwirizana nthawi zonse. Wina amati gulu lachiwiri, mnzake amati lachitatu. Ngakhale dokotala yemweyo, akachionanso patapita masabata, amatha kusintha maganizo. Chonsecho yankho lawo limathandiza kugamula ngati mmisiri uja amuika chikhakha kapena amuchita opaleshoni.

Wojambula amadandaula kuti munthu amene akumva ululu sakhazika phazi malo amodzi. Wa mafupa amati sachiza chithunzi koma munthu, n'chifukwa chake amagwiranso msana, poti wogwera pachidendene nthawi zina amathyokanso msana. Wodwala naye amaumirira kuti wangobinya, amupatse mankhwala abwerere kuntchito, ana asagone ndi njala. Ine ndimalemekeza wa mafupa amene amaitana mnzake kuti aonere limodzi chithunzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kuyambira 2023 tili ndi chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central pomwepo. Nyumba ndi makina zilipo, koma owerenga chidendene ndi maso a anthu. Tiwaphunzitse ambiri ndipo tiwalipire bwino. Inunso amisiri, mukagwa n'kulephera kuponda, musathere masiku mukuthowa ndi madzi otentha. Pitani akakujambuleni tsiku lomwelo.