Mayi Ndiye Mphunzitsi Woyamba wa Kuchulukitsa

Amayi anzanga, ana ambiri amene amalephera masamu m'makalasi apamwamba a pulayimale sakhala opanda nzeru ayi. Vuto limayambira pa kuchulukitsa. Mwana amene sadziwa kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 amavutikanso pa kugawa, popeza kugawa ndi kuchulukitsa kobwerera m'mbuyo. Akafika Sitandade 8 mayeso amamukanika, ndipo akakula amabereka mwana wa eni pamsika, kupatsidwa chenje choperewera iye osazindikira. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Poyamba mwana amve tanthauzo lake. Kuchulukitsa ndi kuphatikiza nambala imodzimodzi kangapo. Muunjikireni milu 3 ya nyemba, mulu uliwonse nyemba 4, ndipo awerenge yekha mpaka apeze 12. Pakhomo pathu pali zipangizo zokwanira. Thireyi ya mazira ili ndi mizere 5 ya mazira 6, onse pamodzi 30. Bawo lili ndi mizere 4 ya maenje 8, ndiwo maenje 32. Masabata 4 a masiku 7 ndi masiku 28.

Akamvetsa zimenezi, ndiye aloweze matebulo aja amene amalembedwa kuseri kwa makope ambiri. Koma asayambe onse nthawi imodzi. Ayambe ndi 2, 10 ndi 5. Pa tebulo la 10 timangowonjezera 0 kumapeto, ndipo mayankho a tebulo la 5 amathera ndi 5 kapena 0 nthawi zonse. Kenaka abwere ku 4, amene ndi mayankho a 2 owirikiza kawiri, ndi 8, amene ndi mayankho a 4 owirikiza kawiri. Chimodzimodzinso 3 ndi 6.

Pali chinsinsi china chopepuza ntchito. Tembenuzani thireyi ija: mizere 5 ya mazira 6 isanduka mizere 6 ya mazira 5, koma mazira akadali 30. Motero wodziwa 5 kuchulukitsa ndi 6 wadziwa kale 6 kuchulukitsa ndi 5. Kuchokera pa tebulo la 1 kufika la 10 pali mafunso 100, koma osiyana ndi 55 okha. Mwana akadziwa matebulo a 1, 2, 5 ndi 10, otsala ndi 21 basi.

Tebulo la 9 lili m'manja mwa mwanayo. Atambasule zala zonse 10. Pofuna 9 kuchulukitsa ndi 4, apinde chala chachinayi kuchokera kumanzere. Kumanzere kutsala zala 3, kumanja 6, ndipo yankho ndi 36.

Mwina wina anganene kuti, “Ine sukulu sindinapite nayo patali.” Komatu mayi amene amagulitsa milu 7 ya tomato pa K500 mulu umodzi, nadziwa kuti alandira K3,500, akuchulukitsa. Amene amawerengera masheya ake ku banki mkhonde akuchulukitsanso. Nzeru zimenezo mupatseni mwana wanu. Mufunseni mafunso asanu posenda mbatata kapena potonola chimanga, tsiku ndi tsiku, chifukwa mphindi zochepa za masiku onse zimaposa tsiku lathunthu lamawa lake kuli mayeso.

Akaphonya musamukwapule kapena kumutcha mbuli. Mwana wamantha amaiwala ngakhale zimene amazidziwa. Mubwezereni ku milu ya nyemba ija apeze yekha yankho. Ndiponso musasiye mtsikana pamtondo pamene mlongo wake ali ndi kope. Masamu sasankha mwamuna kapena mkazi.

Tsono pamsonkhano wa gulu lanu sabata ino, aliyense abwere ndi nyemba zodzaza dzanja, muyeserere limodzi njira zimenezi musanakaphunzitse ana kunyumba.