Kutsiriza Lole ya Pulasitiki Imene Wina Adaisiyira Panjira

Palibe boma m'dziko muno limene ana ake sadziwa kupinda galimoto ya mawaya. Mwana amayang'anitsitsa lole ikamadutsa pamsewu, nasunga maonekedwe ake m'mutu, kenaka nkukawatsanzira ndi waya ndi zitsekerero za mabotolo. Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan chilakolako chomwechi chidatenga njira ina. Kumeneko makampani amaumba tizidutswa ta pulasitiki m'zikombole, tina tochepa ngati njere ya mpunga, natiika m'bokosi pamodzi ndi pepala la malangizo, kuti wogula akalumikize yekha mpaka patuluke kalole kofanana ndi lole yeniyeni pa chilichonse. Ntchitoyi amaikonda ana ndi akuluakulu omwe, koma imadya masabata ngakhale miyezi. N'chifukwa chake ambiri amaiyamba osaitsiriza, ndipo patapita zaka bokosi lija limagulitsidwa motsika mtengo, mkati muli lole yomangidwa theka. Nkhani ya lero ikufotokoza zimene wogula bokosi lotero ayenera kuchita, ndi chifukwa chake burashi ya utoto iyenera kukhala chida chomaliza kuchigwira.

Luso limeneli si ladzulo. Kampani ya Airfix ya ku England idatulutsa kathirakitala ka Ferguson m'chaka cha 1949, ndipo pambuyo pake idayamba kugulitsa kachombo kotchedwa Golden Hind m'masitolo a Woolworths. Malole akuluakulu adabwera pambuyo. Mu 1969 kampani ya AMT ya ku America idatulutsa lole ya mtundu wa Peterbilt 359, imene idakondedwa kwambiri kotero kuti malole ena ambiri adatsatira. Ku Italy kampani ya Italeri idatchuka ndi malole a ku Ulaya monga Scania ndi Volvo. A ku America kawirikawiri amachepetsa lole ka 25, pamene a ku Ulaya amachepetsa ka 24. Motero mutu wa lole wotalika mamita 7 ndi theka, ukachepetsedwa ka 25, umatalika masentimita 30 okha, ngati rula ya mwana wa sukulu. M'bokosi limodzi mumakhala tizidutswa toposa 200. Ena mwa malole akale adapangidwanso m'zaka zaposachedwa, koma ena adatheratu pamsika, ndipo kachidutswa ka lole yotere kakaonongeka palibe sitolo yokagulako kena. Apa m'pamene pagona kufunika kwa kudekha.

Chinthu choyamba kuchimvetsa ndi guluu. Tizidutswa timeneti timapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa polystyrene, ndipo guluu wake sagwira monga agwirira guluu wa mapepala kapena wa matabwa. Iye amasungunula pang'ono nkhope za tizidutswa tiwiri, ndipo akauma tiwirito timasanduka chinthu chimodzi, monga zitsulo ziwiri zowotcherera. Palibe mankhwala amene angamasule mfundo yotere popanda kusungunulanso pulasitikiyo. Choncho cholakwa chilichonse cha mmisiri woyamba chimakhala chitalowerera m'pulasitiki momwemo, ndipo wachiwiri ayenera kuchifunafuna mpaka achipeze asanaonjezepo kanthu.

Pachifukwa chimenechi tsiku loyamba ndi lowerenga chabe. Mmisiri amayala nsalu yoyera patebulo, nakhuthulirapo zonse za m'bokosi, osaiwala kuyang'ana m'makona momwe tizidutswa tating'ono timabisala. Kachidutswa kalikonse kali ndi nambala yake pa timitengo ta pulasitiki timene kadaumbidwira pamodzi, ndipo nambala yomweyo imapezeka papepala la malangizo. Iye amatsata pepalalo kuchokera pachiyambi, nalemba m'kope magulu atatu: zimene zilipo ndipo n'zabwino, zimene zidamatidwa molakwika, ndi zimene zasowa. Ngati pepala la malangizo lidatayika, mapepala a malole ambiri akale amapezeka pa intaneti masiku ano. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pantchito ino wofunsidwa woyamba ndi pepalalo.

Zikadziwika zolakwika, pamabwera ntchito yomasula. Mwayi wake ndi wakuti oyamba kumene ambiri amamata tizidutswa atatipaka kale utoto, ndipo guluu wogwera pautoto sagwira kwenikweni. Guluu wakale wa m'chubu nayenso amauma gwa pakapita zaka. Mfundo zotere zimamasuka munthu akalowetsa nsonga ya lezala pamzere wolumikizira ndi kupotoza pang'ono. Zikakana, pali njira ya firiji. Mmisiri amaviika chigawo chimenecho m'madzi, nachiika m'thumba la pulasitiki chili chonyowa, nkuchigoneka usiku wonse mbali ya firiji youmitsa madzi. Madzi akamauma amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100, ndipo amene adalowa m'ming'alu amakankha mfundo zofooka mpaka kuzitsegula. Komabe pulasitiki yozizira imathyoka msanga, choncho iyenera kugwiridwa ngati dzira. Mfundo imene yakana njira zonsezi imadulidwa ndi kasowo kopyapyala. Koma mfundo imene ili yowongoka ndi yolimba isiyidwe momwemo, pakuti kumasula chimene sichidalakwike n'kudziputira ntchito.

Chotsatira ndi utoto wakale, umene kawirikawiri umakhala wochindikala ndi wodzaza mizere ya burashi, wokwirira timabauti ndi timizere ta zitseko. Pano m'pamene malole ambiri amafera. Thinala wa utoto wa galimoto ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo amasungunula pulasitiki m'kanthawi kochepa, ndipo chosungunuka sichibwerera. Utoto wosungunulira ndi madzi umachoka ndi sipiriti. Utoto wa mafuta, monga wa m'tizitini ta Humbrol, umafewa ndi mankhwala otsukira uvuni, amene ali ndi soda woyabwa. Tizidutswa timatsekeredwa m'chidebe pamodzi ndi mankhwalawo usiku umodzi, ndipo m'mawa utoto umasupuka ndi mswachi wakale. Ena amagwiritsa ntchito mafuta a mabuleki, koma iwo amatha kuumitsa pulasitiki ina mpaka kuiswa. Lamulo ndi limodzi pa mankhwala onse: ayesedwe kaye pa kamtengo kotsala ka m'bokosi lomwelo. Soda woyabwa amaotcha khungu ndipo angathe kuchititsa munthu khungu akagwera m'maso, motero magolovesi ndi magalasi otchinga maso n'zofunika, ntchito ichitikire pamalo opita mphepo, kutali ndi ana, ndipo mankhwala awiri asasakanizidwe. Pomaliza zonse zimatsukidwa ndi sopo ndi kuumitsidwa pamthunzi.

Tsopano lole yabwerera pa pulasitiki yake, ndipo mmisiri amafika pa mtima wa ntchito yonse, ndiwo chimango, chimene amakaniko amachitcha chasisi. Galimoto zazing'ono za m'mabokosi zimabwera ndi pansi pake poumbidwa kamodzi, koma chimango cha malole ambiri chimamangidwa ngati makwerero: mitanda iwiri yaitali yolumikizidwa ndi timitanda topingasa. Pachimango chimenechi pamakhala injini, masipuling'i, matayala, matanki a mafuta ndi mutu wa lole. Mtanda umodzi ukatsogola mnzake ngakhale ndi milimita imodzi, kapena chimango chikapotoka, tayala limodzi limalendewera m'malere, mutu umapendekeka, ndipo boneti imakana kutsekeka. Palibe utoto umene ungabise zimenezi. Monga nyumba ya maziko okhota, cholakwacho chimakula pamene ntchito ikukwera.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Chimango chimaikidwa pagalasi la windo kapena pa kalilole, pakuti tebulo la thabwa limanamiza. Chikagwedera pokanikiza ngodya imodzi, ndiye kuti n'chopotoka. Mmisiri amayesanso ndi ulusi kuchokera pangodya ya kutsogolo kumanja kufika pangodya ya kumbuyo kumanzere, nayesanso mbali inayo, monga achitira womanga nyumba poika maziko. Miyeso iwiriyo ikasiyana, timitanda tina tiyenera kudulidwa ndi kumatidwanso. Kupotoka kwakung'ono kumawongoka ndi madzi otentha koma osawira. Chimango chimaviikidwa kwa kamphindi, nkuwongoledwa ndi manja pang'onopang'ono, kenaka nkumizidwa m'madzi ozizira chili chogwiridwa. Madzi owira amafewetsa pulasitiki mopitirira mpaka kuikwinyitsa. Chikawongoka chimatsinjizidwa pagalasi paja ndi mabuku tsiku lathunthu kuti guluu aume. Matayala amayesedwa opanda guluu, ndipo onse akagunda pansi pamodzi ndiye kuti ntchito yaikulu yatha.

Zotsala ndi zipsera ndi zosowa. Pamene padadontha guluu pamapalidwa ndi sandipepa wonyowa, kuyambira wa nambala 400, kenaka 600, kumalizira 1000. Mipata imatsekedwa ndi phala limene mmisiri angathe kupanga yekha, poduladula timitengo totsala tija ndi kutisungunula m'kabotolo ka guluu wamadzimadzi. Popeza phalalo ndi pulasitiki yomweyo, limagwirana ndi lole bwino lomwe, koma liyenera kupakidwa pang'ono ndi kupatsidwa masiku angapo kuti liume. Timitengo tomweto tikatenthedwa pamwamba pa lawi la kandulo ndi kukokedwa, timatalika ngati ulusi, ndipo timalowa m'malo mwa mapaipi ndi zogwirira zimene zidasowa. Waya wa m'zingwe zakale za telefoni amakhala mapaipi a mabuleki, ndipo chitini cha zakumwa chimapereka chitsulo chopyapyala cha madigadi. Apa mwana wa galimoto za mawaya uja sasowa chomuphunzitsa mnzake wa kunja.

Palinso zinthu zitatu zimene ukalamba wa bokosi umaononga. Choyamba ndi matayala. Ambiri adapangidwa ndi mphira wofewa amene mafuta ake amadya pulasitiki akakhudzana nayo nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake m'mabokosi akale mumapezeka magalasi ndi zitseko zodindidwa mapazi a tayala. Mankhwala ake n'kupaka utoto pamarimu asanavekedwe matayala, kuti ziwirizo zisakhudzane. Chachiwiri ndi magalasi. Galasi lochita chifunga ndi guluu limapalidwa ndi sandipepa wosalala koposa, nkupukutidwa ndi mankhwala otsukira mano mpaka kuwala kubwerere. Pomata galasi, guluu woyera wa matabwa ndiye woyenera, pakuti amauma osaoneka, pamene supagulu amasiya nthunzi yoyera pagalasi. Chachitatu ndi zizindikiro za papepala, zimene zimaviikidwa m'madzi kuti zitsetserekere pa lole. Zakale zimachita chikasu ndipo zina zimanyenyeka zikangogunda madzi. Chikasu chimachepa pepalalo likaikidwa m'thumba louma ndi kupachikidwa pawindo lowomba dzuwa kwa masabata angapo. Kunyenyeka kumapewedwa popaka vanishi wopyapyala pamwamba. Mmisiri wanzeru amayamba wayesa chizindikiro chimodzi chimene sadzachifuna.

Zonsezi zikatha, nthawi ya utoto yafika. Choyamba ndi andakoti wotuwa, amene ntchito yake yaikulu n'kuulula zipsera zimene diso lidaziphonya. Zikaoneka zimakonzedwa, nkupakanso. Utoto weniweni umapakidwa mopyapyala kawiri kapena katatu, ndipo wa mafuta umapatsidwa tsiku lathunthu usanaonjezedwe wina. Fumbi ndiye mdani wa utoto wauwisi, makamaka m'miyezi ya chilimwe, choncho chopakidwa chivundikiridwe ndi katoni yoyera. Chimango, injini, mkati mwa mutu ndi kunja kwake zimapakidwa pazokhapazokha, nkudzalumikizidwa pambuyo. Pamalo pomata payenera kupalidwa kuti utoto uchoke, ndipo chimodzimodzi tizidutswa tonyezimira ngati siliva monga bampala ndi ekizozi, pakuti guluu sagwira pa chonyezimiracho. Akaiwala zimenezi, mmisiri wachiwiri amabwereza cholakwa chomwe chija chimene chidamuthandiza kumasula ntchito ya woyamba. Magalasi oonera kumbuyo, nyali ndi mawaipa zimaikidwa potsiriza penipeni, chifukwa ndizo zimathyoka dzanja likangophonya.

Munthu akawerengera masiku onse a ntchito imeneyi amapeza kuti ochuluka adapita pa kuwerenga, kumasula, kutsuka ndi kuwongola, zinthu zimene mlendo wodzaona lole ili pashelefu sadzaziona konse. Iye adzayamikira utoto. Koma utotowo ukuoneka bwino chifukwa chakuti pansi pake pali posalala, ndipo lole yaima mwaulemu chifukwa chakuti chimango chake chidayesedwa ndi ulusi pagalasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero makolo. Amene angapeze bokosi lotere pamsika wa zinthu zakale kapena m'katundu wa mbale wochokera kunja asathamangire kugula utoto. Ayambe wayala nsalu yoyera patebulo, atenge kope ndi pensulo, ndipo awerenge tizidutswa tonse kamodzikamodzi.